Podonthera si polowera madzi

Foni inalira cha m'ma 2 koloko usiku, mwezi wa Julayi chaka chatha. Foni ya nthawi imeneyo mukuidziwa, mtima umayamba wagunda kaye usanaone n'komwe amene akuyimba. Anali achimwene anga aakulu, ali ku Cape Town, pa vidiyo ya WhatsApp. Moni panalibe. Anangotembenuza kamera n'kundionetsa beseni lili pabedi, poto ali pansi, kapu ili pashelefu, ndipo m'zonsezo madzi akungoti tho, tho, tho.

"Mphwanga, iwe paja unapita ku yunivesite. Tandiuza, madzi amenewa akulowera pati?"

Ndinaseka, ngakhale sizinali zoseketsa. Digiri yanga ndi ya zolembalemba, ndipo kufikira usiku umenewo ndinali ndisanagwirepo ntchito iliyonse ya padenga. Koma kwathu munthu ukangovala gawuni basi, ndiwe dokotala, loya komanso mmisiri nthawi imodzi.

Achimwene amagona m'kalavani. Kwa amene simunaionepo, kalavani ndi kanyumba ka matayala kamene amakakoka ndi galimoto, m'kati muli bedi, timakabati ndi pophikira. Ku South Africa mabanja ambiri amapita nazo kutchuthi, ena ku Kruger, ena kugombe la nyanja. Ikakalamba amaiimika kuseri kwa nyumba, matayala n'kuphwa, n'kusanduka mosungira katundu kapena chipinda cha wantchito. Ya achimwene ndi yotero. Iwo amasamalira maluwa ndi kapinga pakhomo pa banja lina, ndipo kalavaniyo anawapatsa kuti azigonamo osalipira lendi. Lendi imene salipirayo ndi imene imasanduka fizi ya mwana wawo ku sekondale, feteleza, ndi mankhwala a BP a mayi athu ku Ntcheu. Choncho denga likamadontha ku Cape Town, nkhani imafika mpaka kumudzi.

Nyengo ya kumeneko ndi yotembenuka. Ife tikamavala majuzi mu Juni ndi Julayi kunja kuli gwa, iwo ndi pamene mvula imawagwera, yozizira, yobwera ndi mphepo yochokera kunyanja, ndipo imatha kuvumba masiku angapo osaleka. Chilimwe chawo ndi Disembala mpaka Febuluwale, pamene kuno kuli dzinja.

Usiku umenewo chimene chinawatayitsa mtima si matiresi. Chinali chikwama chimene amasunga m'kabati ya pansi pa mpando, mmene muli pasipoti ndi mapepala awo onse. Atachitulutsa anapeza chachita chuku. Mwamwayi mapepala anali m'jumbo. Munthu wokhala kudziko la eni mapepala ake akawonongeka, si nkhani ya masewera.

Iwo anali atayesa kale kukonza. Kuyambira mu Meyi ankagula silikoni, ankakwera pa mpando, n'kumamata paliponse pamene akukayikira, makamaka pamwamba penipeni pa bedi pamene pamadonthapo. Mvula ikabwera, kudontha kuja n'kumapitirira. Ankagulanso wina, n'kumata pamwamba pa woyamba uja. Pofika Julayi denga linali ngati keke ya ukwati.

Ndisanayambe n'komwe kufufuza za madziwo, ndinaona chinthu china m'vidiyomo chimene chinandiopsa kuposa kudontha. Timabowo tonse tolowetsa mpweya, ta pachitseko ndi ta m'munsi, anali atatitseka ndi mapepala a pulasitiki ndi tepi pofuna kuthawa kuzizira. Pambali pake chitofu cha gasi chikuyaka kuti mufunde. Apa ndinasiya ulemu pambali. Moto uliwonse woyaka m'chipinda chotsekeka, kaya wa gasi, wa palafini kapena wa makala, umadya mpweya wabwino ndipo ukayamba kuperewera umatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha. Ndi umene uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba mu Juni kuno kwathu. Ndinawauza kuti sindidula foni mpaka atamatula mapepalawo ndi kuzimitsa chitofu. Anang'ung'udza, "iwe mwana ukundilamula tsopano?", koma anamatula.

Pambuyo pake ndinadzaphunzira kuti chitofucho chinalinso ndi mlandu wina. Gasi akamayaka amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo kilogalamu 1 ya gasi imapereka madzi opitirira lita 1 ndi theka. Onjezanipo mpweya wa munthu wogona ndi zovala zonyowa zoyanikidwa m'kati. Nthunzi imeneyi ikagunda denga lozizira imasanduka madontho, ngati mmene limachitira botolo la Fanta lochokera mufiriji. Ndiye ena mwa madzi amene ankawathamangitsa ndi silikoni sankachokera kunja ayi. Posiyanitsa pake ndi posavuta: madzi a thukuta la denga amaoneka m'mamawa kozizira ngakhale mvula isanagwe, ndipo amamwazikana ponseponse, pamene a kudontha amatsata mvula ndipo amabwerera pamalo amodzimodzi, n'kusiya banga lofiirira.

Masabata otsatira bandulo yanga inathera pa madenga. Ndinaonera mavidiyo mpaka YouTube inayamba kundiyesa mzungu wopuma ntchito. Chinthu choyamba chimene ndinamvetsa ndi mmene kalavani yakale imamangidwira. Kunja kuli chikopa chopyapyala cha aluminiyamu, m'kati muli pulaiwudi wopyapyalanso, ndipo pakati pali timatabwa ta felemu ndi zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a TV. Madzi akapeza kampata kunja satsika molunjika. Amayenda m'kati mwa denga, kutsata thabwa, kutsata waya, kulowera kumene kalavani yapendekera, mpaka atapeza bowo la nyale kapena polumikizira pulaiwudi. Pamene mukuona dontho pakhoza kukhala mamita 2 kapena 3 kuchokera pamene madzi alowera. Achimwene miyezi yonseyi ankamata malo osalakwa.

Chachiwiri, pakati pa denga pamene pali see sipabooka kawirikawiri, pokhapokha nthambi itagwerapo. Madzi amalowera pamene zinthu ziwiri zakumana, kapena pamene munthu anaboola: m'mphepete mmene denga limakumana ndi khoma, kuzungulira kazenera ka padenga, pa mlongoti wa TV, pa nyale zakunja, pa mafelemu a mazenera, ndi pa screw iliyonse. Malo onsewa anawamata kufakitale ndi zomatira zofewa, koma dzuwa la zaka zambiri limaziumitsa n'kuzing'amba. Komanso chitsulo chimapuma. Denga la aluminiyamu lotalika mamita 5, kutentha kukasintha ndi madigiri 40 pakati pa usiku wozizira ndi masana a dzuwa, limatalika pafupifupi mamilimita 5. Thabwa la pansi pake silitalika choncho. Tsiku ndi tsiku ziwirizi zimakokana, ndipo chomatira chimene chauma chimalekerera.

Nanga silikoni walakwanji? Ali ndi ntchito yake, kubafa ndi pagalasi. Koma padenga la kalavani amavuta pawiri. Akakhalitsa amayamba kusendeka m'mphepete, madzi n'kumalowa pansi pake n'kukhala momwemo osauma. Ndipo akauma palibe chimene chimagwira bwino pamwamba pake: penti sagwira, zomatira zina sizigwira, ngakhale silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale. Kuli mtundu wina wotchipa umene umanunkha ngati viniga ukamauma. Fungo limenelo ndi asidi, ndipo amadya zitsulo zina. Amene ankagula achimwene anali wa fungo la viniga yemweyo.

Pano ndichenjeze anzanga okonda kuphunzira pa intaneti, chifukwa ine ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna. Mavidiyo ambiri ndi a ku America, ndipo makalavani ambiri a kumeneko ali ndi denga lokutidwa ndi chinsalu cha labala kapena pulasitiki, chimene amachitcha EPDM kapena TPO. Madenga amenewo ali ndi zomatira zawozawo. Pali china chamadzimadzi chimene chimayala chokha, cha pamalo athyathyathya, ndi china cholimba cha m'mbali chimene sichiyenderera. Labala ameneyu sagwirizana ndi petulo, thinala kapena phula, amafufuma n'kuwonongeka. Ine ndinali nditalemba kale mndandanda wa zogula za denga la labala, achimwene atagogoda denga lawo pafoni n'kumveka ngati chitini. Musanagule kalikonse, dziwani kaye kuti denga lanu ndi la aluminiyamu, la fibreglass kapena la labala, ndipo werengani pachubu ngati chomatiracho chimagwira pa chinthu chimenecho.

Vuto linali lakuti m'nyengo ya mvula sungakonze chilichonse chokhalitsa. Ukamata pamwamba pa thabwa lonyowa watsekera madzi m'kati, ndipo thabwalo limawola mwakachetechete. Choncho tinagwirizana zongodikira. Anagula lona lalikulu, analiyala padenga ataika timatabwa pansi pake kuti mpweya uzidutsa, n'kulimanga ndi zingwe ku chassis, osatseka timabowo ta mpweya tija. Silinali looneka bwino, ndipo usiku wa mphepo linkachita phokoso, koma beseni linatsika pabedi.

Panatsala nkhani imene inali yovuta kuposa zonsezi. Eni nyumba sankadziwa kuti kalavani ikudontha. Achimwene ankaopa kuti akanena, abwana adzangoti yatha ntchito, ikagulitsidwe kwa ogula zitsulo, iwo n'kukafuna chipinda cha lendi. Ine ndinkaona mwina. Kalavani ndi yawo, ndipo tsiku limene pansi padzabooke adzafunsa kuti bwanji simunanene. Tinakangana milungu iwiri. Anandiuza kuti ndikuyankhula ngati munthu amene sanagwirepo ntchito pakhomo pa munthu, ndipo apo ananena zoona. Koma lona lija linawaulula lokha. Adona ataliona anafunsa, achimwene anafotokoza, ndipo yankho linali lakuti alembe zofunika adzagula. Sindikunena kuti mabwana onse ndi otero. Ndikudziwa ena amene zinawathera mosiyana, ndipo mantha a achimwene sanali opanda pake.

Mu Januwale ndinatenga tchuthi. Basi kuchoka ku Blantyre kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg, kenako ina ya makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Cape Town. Anzanga ankayembekeza zithunzi za Table Mountain. Zimene analandira ndi za ine ndili pamakwerero nditavala chipewa cha achimwene.

Tsiku loyamba tinasaka polowera. Njira yake ndi payipi yothirira maluwa ndi kuleza mtima. Mmodzi amakhala m'kati ndi tochi, makabati onse ali otsegula, wina kunja akuthira madzi pang'onopang'ono, osati mwamphamvu. Umayambira m'munsi kukwera m'mwamba, malo amodzi mphindi zingapo usanasunthe. Ukayambira pamwamba madzi amayenderera ponseponse ndipo sudziwa kuti alowera pati. Mazenera a m'mbali anapirira. Pamwamba pa bedi, pa keke ya silikoni paja, tinathira mpaka kutopa, osadontha. Titafika pakona yakutsogolo kumanzere, pa kachitsulo kakatali kamene kamaphimba pokumana denga ndi khoma, tinadikira mwina mphindi 10. Kenako ndinamva kukuwa m'kati.

"Ayamba! Koma akudonthera kuno kubedi!"

Kuchokera pakonapo kukafika pabedi tinayeza mamita opitirira 2. Kalavani inali itapendekera kumbuyo chifukwa miyendo yake inatitimira m'dothi, ndipo madzi ankangotsetsereka m'kati mwa denga. Achimwene anatuluka, anayang'ana keke yawo ija, n'kupukusa mutu osanena kanthu.

Titamasula kachitsuloko tinaona zonse. Ma screw ena anali atadyeka ndi dzimbiri mpaka kutsala ngati singano, ena ankangozungulira osagwira kanthu. Chomatira chakale chinkafumbutuka ngati dothi. M'kati titachotsa pulaiwudi wa pakonapo, thabwa la felemu linali lakuda, lofewa, chala chimalowa ngati mu mkate wonyowa. Akatswiri ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi m'matabwa, ndipo kakamaonetsa kupitirira 20 peresenti amadziwa kuti kuwola kuli pafupi. Ife tinalibe, tinkangobaya ndi screwdriver. Polimba tinkasiya, pofewa tinkadula. Tinachotsa chidutswa chotalika ngati mkono, n'kuikapo thabwa latsopano lothiridwa mankhwala, kulilumikiza ndi guluu ndi ma screw ku mbali zolimba.

Kenako tinasiya potsegula masiku atatu kuti paume. Apa Cape Town inatithandiza, chifukwa m'chilimwe kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor. Imaumitsa zovala msanga, imaumitsanso matabwa, kungoti imafuna kukugwetsa pamakwerero.

Masiku atatuwo tinawathera pa ntchito imene palibe amene amaionetsa bwino m'mavidiyo: kupala. Silikoni yense anayenera kuchoka, mpaka kakhungu komaliza. Tinkagwiritsa chopalira cha pulasitiki, chifukwa mpeni ukhoza kuboola aluminiyamu, ndi wopyapyala zedi. Tinkatsuka ndi sopo, kupukuta ndi sipiliti, n'kudikira kuti auluke yense, poti sipiliti wotsalira amalepheretsa chomatira cha polyurethane kuuma bwino. Zala zinatupa. Ndikawerengera, kupala ndi kutsuka kunatenga nthawi yochuluka kuwirikiza kangapo kuposa kumata kwenikweniko. Ndipo padenga sitinapondepo. Madenga ambiri a makalavani akale sanapangidwe kuti anyamule munthu. Pofuna kufika pakati tinkayala thabwa lalikulu pamwamba pa bulangete, kuti kulemera kugawike, munthu n'kugona chafufumimba.

Kumata kunali kokoma. Pansi pa kachitsulo kaja tinayala tepi ya butyl, yofewa ngati chingamu ndipo siuma gwa ngakhale papite zaka. Chitetezo chenicheni ndi chimenechi, chimene chili pakati pa zitsulo ziwiri, osati chopakidwa pamwamba. Tinabwezera kachitsuloko ndi ma screw atsopano osachita dzimbiri, onenepa pang'ono kuposa akale kuti agwire, ndipo pabowo lililonse tinkayamba tadonthezamo chomatira. Pomanga umamanga mpaka butyl atayamba kutuluka m'mbali, osapitirira, ukakakamiza amatuluka yense. Wotulukayo tinamudula, n'kumata tepi ya mapepala mbali zonse ziwiri kuti mzere ukhale wowongoka, kenako n'kuyendetsa chomatira cha polyurethane m'mphepete monse. Kusalaza ndi chala chonyowetsa m'madzi a sopo, tepi ya mapepala n'kuichotsa chisanaume. Chomatira chotere chimachita khungu pakangopita ola kapena awiri, koma m'kati chimauma pang'onopang'ono, mamilimita ochepa patsiku, ndiye tinachisiya masiku awiri tisanayesenso ndi payipi.

Kazenera ka padenga sikankadontha, koma poti tinali kale pamwamba tinakazula, kupala, kuyala butyl n'kukabwezera. Achimwene ankati tikungodzivutitsa. Titakazula tinapeza mbali imodzi thabwa layamba kale kuda. Pomaliza tinaika njerwa ndi matabwa pansi pa miyendo, kalavani n'kuima mowongoka, kungoisiya yopendekera pang'ono chabe kuti madzi asamadikhe padenga.

Mazenera a m'mbali tinawasiya. Masiku anga anali atatha, ndalama yobwerera inali yowerengeka, ndipo payipi inati ali bwino. Ndinawasiyira achimwene lamulo limodzi: kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itatha, azikwera makwerero n'kuyendetsa chala m'mizere yonse, ndipo akaona mng'alu asathamangire kumata pamwamba, ayambe apala.

Juni wapitayu foni inaliranso usiku, koma cha m'ma 9. Kumbuyo kunkamveka mvula ikuwomba denga ngati ng'oma. Anandiyendetsa ndi kamera pang'onopang'ono: pamwamba pa bedi pouma, pakona yakutsogolo pouma, kazenera ka padenga pouma, timabowo ta mpweya tili totsegula. Beseni lija linali pansi muli mbale zodikira kutsukidwa. Kenako kamera inaima pa zenera lakumbuyo, limodzi mwa amene tinawasiya aja. Pakona pake panali kadontho kamodzi, konenepa, kakukonzekera kugwa.

"Ili ndi la Januwale," anatero. "Silikoni sindigula, usaope. Koma iwe, mayi akuti kuchipinda kwawo malata akudontha pamisomali. Okutobala asanathe upiteko. Ndipo uyambire m'munsi."

Ku Ntcheu kulibe payipi, ndiye ndauza kale ana a achemwali kuti akonzeke ndi ndowa.